Moto wa a Dailes Kamphinda

Alamu anga a Dailes Kamphinda sanapondepo pa chilumba cha Mbenji, ndipo sadzapondapo, chifukwa kumeneko mkazi saloledwa. Koma anthu ambiri amene anaphunzira kompyuta kuno ku Salima m'zaka zomaliza za chipani chimodzi, Mbenji anayamba kumuona pagalasi la kompyuta, atajambulidwa ndi zala za mayi ameneyu. Ine ndine Yesaya, mng'ono wa amuna awo, ndipo ndinali dalaivala pa ofesi imene iwo ankataipa. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso, zina ndinazinyamula ndekha pa Landirova.

Anabadwira kumtunda, cha ku Chinguluwe, m'banja la alimi a thonje ndi mpunga. Sukulu analekezera Fomu 2, osati chifukwa mutu unakana, koma bambo awo anaona kuti kwa mwana wamkazi pamenepo pakwana. Azakhali awo a ku Lilongwe anawatenga n'kukawalowetsa kosi ya taipi, ndipo pobwerako anapeza ntchito ku pulojekiti ina ya zaulimi pa boma pa Salima. Achimwene anga a Jasten, okonza mainjini a maboti a asodzi, anawakwatira chaka chotsatira. Kamphinda ndi dzina la bambo awo. Lakwathu analikana tsiku la ukwati lomwelo, amvekere, "Ndakwatiwa ndi munthu ine, osati ndi dzina." Mayi athu anadandaula mpaka kutopa, koma a Dailes sanasunthike.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Pakamwa panali pakuthwa, kudzitama ankadzitama, ndipo chowawa n'chakuti zimene ankadzitamirazo zinali zoona. Akayamba kutaipa, mesenjala ankaima pakhomo kumvetsera, poti zinkamveka ngati matalala padenga lamalata. Kumalaini kumene tinkakhala, khitchini yawo ndiyo inkayamba kufuka utsi m'mawa, choncho akazi oyandikana nawo ankabwera ndi mapale kudzapala moto. Sankamana munthu moto, ngakhale amene anatukwanana naye dzulo lake pampopi. Chimene ankafuna ndi odi basi. Wina akangozembera m'khitchini n'kutola khala mwakachetechete, ankamubweza kuti akayambirenso pakhomo.

Kompyuta inafika chaka cha chivomezi, 1989, zipupa za ofesi zikadali ndi ming'alu. Anaikonzera chipinda chakechake chokhala ndi makina oziziritsa, chinthu chimene ngakhale bwana wathu, a Chikadza, analibe mu ofesi mwawo. Amene akudziwa kutentha kwa Salima mwezi wa Okutobala amvetsa chifukwa chake aliyense anapeza chonamizira cholowera m'chipindamo. Kulowa tinkalowa, koma kukhudza ayi. Masiku amenewo kuwononga katundu wa ofesi sinali nkhani yongopepesa n'kumapita, ankatha kukufunsa kuti wakutuma ndani. Mzungu amene anabwera nayo anaonetsa anthu mwachidule, anasiya chibuku chachikulu ngati Baibulo la paguwa, n'kubwerera kwawo. Kuyambira bwana mpaka wotchetcha udzu panja, tonse tinagwirizana kuti chinthucho chiphimbidwe ndi nsalu chipume.

A Dailes anavundukula nsaluyo. "Ili ndi mabatani ngati taipi yanga," anatero. "Ikandiluma ndikuuzani."

Nthawi ya nkhomaliro, ife tikusaka mthunzi pansi pa mango, iwo ankakhala ndi chibuku chija, chimanga chokazinga chili m'thumba la diresi. Chingerezi cha m'bukumo chinali cholimba ndipo ankachitukwana mokweza, koma tsamba sankalidumpha. Mvula isanathe anali akulemba malipoti onse pa kompyuta, ndipo a Chikadza analamula kuti aphunzitse anzawo.

Apo ndi pamene panavuta. A Dailes sanali mphunzitsi woleza mtima, ndipo ophunzirawo anali ndi mantha. Pauline, mtsikana wosunga mafaelo, ankanjenjemera manja asanakhale n'komwe pampando. Mkulu wina wa kusitolo ya ofesi ankabaya batani ndi chala chimodzi n'kudumphira m'mbuyo, kudikira kuti chiphulike. A Dailes anakalipa, anakalipanso, koma zinangowonjezera kunjenjemera. Kenaka tsiku lina ndinawamva akudziyankhulira okha kuti, "Anthu awa akufunika aseke kaye." Kumapeto kwa chibuku chija kunali gawo lophunzitsa kulemba malangizo oti kompyuta izitsatira, chimene amati pulogalamu. Analowa m'gawo limenelo ndipo anakhalamo miyezi yambiri, nkhomaliro zonse n'kuthera momwemo.

Tsiku lina anandikoka malaya pakhonde. "Alamu, bwerani ndiyesere pa inu. Mukatha inuyo ndiye kuti ngakhale mbuzi itha."

Ndinakhala pampando. Galasi la kompyutayo linali lakuda, zolemba zake zobiriwira. Pakona yakumanja panali kachilumba komangidwa ndi tinyenyezi ndi timizere, pansi pake atalemba kuti MBENJI. M'munsi munali khoka. Kenaka zilembo zinayamba kusambira kuchokera kumanzere, chimodzichimodzi, ngati usipa. Ukabaya batani la chilembo chimene chikudutsa, chinkagwera m'khoka muja. Ukachedwa kapena ukaphonya, kompyuta inkalira kuti pii, n'kukulembera mawu m'Chichewa. Ine inandifunsa kuti, "Zimenezo ndi zala kapena chinangwa?" Nditaphonyanso inati, "Usipa wathawa. Ana adya chiyani lero?" Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinaiwala kuti ndikukhudza katundu wa ofesi. Ukagwira bwino inkakuuza kuti boti ladzaza, tiyeni kumtunda.

Pulogalamuyo anaitcha Chilimira, dzina la khoka limene asodzi a ku Mbenji amaphera utaka ndi usipa. Maonekedwe a chilumbacho anawatenga m'kamwa mwa achimwene anga, amene ankakhala kumeneko nyengo yonse ya usodzi n'kumabwera ndi nkhani zake. "Anandimana chilumba chawocho, ndamanga changa," ankatero a Dailes. "Pano palibe wondibweza padoko." Pauline uja anasiya kunjenjemera, ndipo mkulu wa kusitolo anayamba kukangana ndi mesenjala za amene wadzaza boti msanga.

Mbiri inayenda. Woyamba kubwera anali a Hajara, kalaliki wa ku ofesi ya zausodzi kunyanja, kumenenso kunali kutafika kompyuta yoopedwa ngati yathu. Unali mwezi wa Ramadani wa 1991, iwo ali pa swaumu, kusala kudya kwa Asilamu, milomo itauma gwa, koma nthabwala zili m'malo.

"Odi kuno! Ndamva kuti kuno kukufuka utsi. Ndabwera ndi phale langa."

Anamasula mpango n'kutulutsa disiketi yopanda kanthu, kachimbale kopyapyala ka m'chikuto chakuda kamene tinkasungiramo za pa kompyuta. A Dailes anakondwera nawo mawuwo kwambiri. Analowetsa disiketiyo, makina anakukuta pang'ono, ndipo Chilimira chinalowamo chonse.

"Mwaona alamu?" anandiuza. "Awa atenga, wanga sunachepe. Moto weniweni umenewu."

A Hajara anafuna kusiya kamtolo ka utaka wouma patebulo. A Dailes anawabwezera m'manja. "Kwanu moto amagulitsa?"

Kuyambira pamenepo disiketi yopanda kanthu inasanduka phale m'kamwa mwa aliyense. Anabwera a Christobel a ku chipatala cha mishoni, anabwera aphunzitsi a ku sekondale, anabwera makalaliki a kumsika wa thonje. Mapale ena ndinkawatenga ine poyenda ndi Landirova, kupita nawo ozizira, kubwera nawo otentha. Chinthu chimodzi chokha a Dailes sanachite, ndicho kulemba dzina lawo m'pulogalamuyo. Nditawafunsa anandiseka. "Ndilemberenji? Salima yense akudziwa khomo limene anapala." Ankanena zoona, kungoti dziko silithera pa Salima.

Nyengo ya fumbi ya chaka chomwecho kompyuta yathu inayamba kuvuta, ndipo kampani ina ya ku Blantyre inatumiza katswiri wake, a Fletcher Namaona. Ndinakawatenga ndine ku siteshoni ya sitima. Anali bambo wachinyamata wa ku Chiradzulu, wa tayi ndi kachikwama ka zida, waulemu wake ndithu. Atatha kupukuta fumbi m'mimba mwa kompyuta anapeza Chilimira, ndipo anasewera mpaka kuiwala nthawi yoweruka. Anapempha bwinobwino, manja awiri. A Dailes anawapatsa pulogalamuyo pamodzi ndi malangizo ake onse a mkati, kuti akafuna kukonza pena akonze. Poti mlendo ndi mame, anawaitaniranso kunyumba n'kuwaotchera chambo chimene achimwene anatumiza m'mawa wa tsikulo.

"Mayi, chinthu mwapangachi ndi chuma," anatero a Namaona ali pamphasa.

"Chuma ndi chambo mukudyacho. Idyani, chizizira."

Chaka cha 1992 chinabwera ndi chilala, chinabweranso ndi kalata ya mabishopu, ndipo dziko linayamba kutentha mwa mtundu wina. Anthu ogwira makompyuta ndi makina ochulukitsa mapepala ankayang'anidwa ndi diso lofiira, chifukwa ndi m'makina otere mmene munkatuluka timapepala totsutsa boma. Disiketi m'thumba inasanduka chinthu choti uganize kawiri usanayende nacho. Alendo a mapale anachepa.

M'nyengo yozizira ndinakatenga katundu ku likulu la pulojekiti yathu ku Lilongwe, ndipo pakati pake panali bokosi lokongola, lamitundumitundu, lokhala ndi dzina lachingerezi. Likulu linali litagulira maofesi ake onse pulogalamu yophunzitsira kutaipa kuchokera ku kampani ija ya ku Blantyre. Pamwamba pa bokosi anamatapo chenjezo lakuti kukopera popanda chilolezo cha eni ake ndi mlandu. A Dailes anang'amba pulasitiki, analowetsa disiketi, ife titawazungulira. Zilembo zinayamba kusambira kuchokera kumanzere. M'munsi munali khoka. Pamene panali Mbenji panali chizindikiro cha kampani, ndipo zonyoza zonse za Chichewa zinali zitachotsedwa, m'malo mwake muli Chingerezi chaulemu chokupempha kuti uyesenso.

Alamu anga anasendera pafupi ndi galasi. Kenaka anati, "Usipa wanga uwu. Auveka tayi."

Tikadali kupsera mtima zimenezo, kunabwera zoopsa zenizeni. Kampani ija inadandaula ku likulu kuti ku Salima kwadzaza makope akuba a pulogalamu yake, omasuliridwa m'Chichewa, ndipo gwero lake ndi ofesi yathu. Likulu linati litumiza munthu wodzafufuza. Wopezeka wolakwa ntchito imuthera, ndipo nkhani ikhoza kupita kupolisi. Chaka chimenecho mawu akuti polisi ndi akuti kompyuta akakumana m'chiganizo chimodzi, munthu ankaona mdima masana.

A Chikadza sanali munthu woipa. Anali ndi ana kusukulu, penshoni ili pafupi, ndiponso anali mlendo wochokera ku Mulanje wopanda womuikira kumbuyo. Anaitanitsa a Dailes, chitseko n'kuchisiya chotsegula, choncho ndinamva zonse ndili pabenchi panja.

"Mayi Kamphinda, ine ndikudziwa kuti munapanga ndinu, ndinkakuonani. Koma kampani ili ndi bokosi, ili ndi chidindo, ili ndi maloya. Inu muli ndi chiyani? Vomerani kuti munakopera mosadziwa, tifufute, mupepese, nkhani ithe. Ntchito yanu ikhala, ndikulonjeza."

"Ndivomere kuti ndinaba mwana wobereka ndekha?"

"Nthawi ino si yolimbana ndi akuluakulu, mayi."

"Bwana, ntchito imatha, koma dzina la wakuba silitha. Mwana wanga Chisoni azikadutsa pamsika anthu akuloza kuti mwana wa mayi anaba ku ofesi uja ndi ameneyu. Sindivomera."

Ndinafuna kuliza Landirova kupita ku Blantyre kukagwira a Namaona pa tayi pomwepo. A Dailes anandiuza kuti mafuta a pulojekiti si a ndewu zanga, ndipo ngati ndikufuna kuyendetsa ndiwaperekeze kunyanja Loweruka akaonane ndi amuna awo.

Achimwene anali ku Mbenji, nyengo ya usodzi ili pakati. Tinafika padoko la Chikombe m'mawa, mwera ukuwomba, chilumba chikuoneka bwinobwino patsidya. A Dailes anaima pamene madzi amathera, nsapato zili m'manja. Munthu amene ankamufunayo anali pomwepo, pamalo ooneka ndi maso, koma mwambo unawaimika pamchenga. Anatuma mawu kudzera kwa a Abdallah, eni boti lonyamula nkhuni ndi ufa. Dzuwa lili paliwombo boti linabwerera, achimwene ali momwemo, manja ali bii ndi oilo, atasiya injini ya munthu ili chitsegulire. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, poti iwo sanali oyankhulayankhula.

"Amake Chisoni," anatero potsiriza, "mukavomera, ndiwo pakhomo ndibweretsa ndine. Mukakana, ndiwo ndibweretsanso ndine. Mainjini sanasiye kufa panyanja pano. Nanga mukuopa chiyani?"

A Hajara anali padokopo tsiku limenelo pa ntchito yawo yoona nsomba, ndipo anamva zonse.

"Munthu wa ku likuluyo abwera liti?" anafunsa.

"Musayerekeze kubwera," anatero a Dailes. "Akakupezani ndi disiketi, nanunso mulowa m'madzi."

"Ine ndafunsa tsiku, sindinapemphe malangizo."

Wofufuzayo anali a Masiye, bambo wowonda wa magalasi, wosaseka koma wosakalipa. Bwalo linakhala m'chipinda chozizira chija. Kampani inatumiza a Namaona kuti aiimirire, ndipo chilowereni maso awo anali pa nsapato zawo. A Masiye anayendetsa pulogalamu ya m'bokosi, kenaka Chilimira. Anaphonya chilembo, kompyuta n'kuwafunsa za chinangwa, koma iwo sanamwetulire.

"Palibe chokayikitsa," anatero. "Imodzi inabadwa mwa inzake. Kampani ikuti inapanga yake kalekale ndipo ili ndi mapepala. Mayi, dzina lanu lili pati m'pulogalamuyi?"

"Mulibe."

"Umboni wina?"

"Ndilibe, bwana. Ndili ndi zala zangazi basi."

A Masiye anavula chivindikiro cha cholembera. Ine ndinali nditaima pakhomo, thukuta likutsika ngakhale makina oziziritsa anali kulira. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu.

"Odi!"

Anali a Hajara, fumbi la matola lili m'nsidze. Anandikankha ndi chigongono, anapereka moni, anamasula mpango wawo n'kuika disiketi patebulo pamaso pa a Masiye.

"Ine ndine Hajara wa ku ofesi ya zausodzi. Moto uwu ndinapala kwa mayi awa mwezi wa Ramadani chaka chatha, bambo a tayiwa asanaponde ku Salima. Wallahi, ngati ndi wakuba, lembani ndi dzina langa lomwe."

Pambuyo pawo panalowa a Christobel a ku chipatala, atavala yunifolomu, nawonso n'kuika yawo. Kenaka aphunzitsi a ku sekondale, choko chili m'manja, atasiya kalasi. Nditasuzumira pakhonde ndinaona mzere mpaka pamasitepe, aliyense phale lake m'manja. A Hajara anali atayenda khomo ndi khomo. Ena mwa anthuwo ndinkawadziwa kuti ndi amantha oti akaona wapolisi wapanjinga amakhota njira, koma tsiku limenelo anabwera.

"Kodi mukudziwa," anafunsa a Masiye, "kuti aliyense woika disiketi patebulo pano akudzipereka yekha?"

"Tikudziwa," anayankha a Christobel. "Koma nyumba ikamapsa, sitingakhale m'nyumba zathu ife amene timapalapo moto m'mawa uliwonse."

A Masiye anayang'ana mulu wa madisiketi uja, kenaka anapukusa mutu. Anati anthu onsewa ndi abwenzi a mayiwa, ndipo ku likulu akawerenga mawu awo adzati agwirizana. Pepala la kampani lidzalemerabe kuposa iwo. Sankanena mwankhanza, ankangonena mmene zinthu zinalili.

A Dailes anatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana a Namaona. Ndinkadikira chimphepo, poti pakamwa paja ndinkapadziwa. Koma anayankhula motsitsa, ngati akufunsa mlendo ngati wakhuta.

"A Namaona, ndikufunseni chimodzi. Kwanu ku Chiradzulu amapala moto?"

"Amapala, mayi."

"Wopala moto akakoleza kwawo, amabwerera ndi madzi kudzazimitsa pamene anapala?"

A Namaona anakhudza tayi yawo, anayang'ana anthu amene anadzaza pakhomo. Kenaka anaimirira.

"Bwana, lembani. Ndinapala kuno. Anandipatsa ndi manja awiri, ndinadyanso kunyumba kwawo. Ndinakaonetsa mabwana anga kuti aone zimene mayi wa ku Salima wapanga, iwo n'kunena kuti chilichonse chimene wantchito wabweretsa ndi cha kampani. Chingerezicho ndinaikamo ndine. Chilumba ndinachotsa ndine. Ndinaopa ntchito."

A Masiye analemba zonse mosafulumira. Atatha anauza a Dailes kuti palibe mlandu, ndipo aliyense atenge disiketi yake azipita. Koma anawonjeza kuti asakondwe kwambiri, chifukwa likulu likhoza kunena kuti pulogalamuyo ndi ya pulojekiti, poti inapangidwira pa kompyuta ya pulojekiti.

"Kompyuta ndi yawo," anatero a Dailes, "koma nkhomaliro zimene ndinasala zinali zanga. Mukawauze choncho."

Apo ndi pamene ndinaona mano a a Masiye koyamba. Kaya anakanena kaya sanakanene, likulu silinabwerenso ndi nkhani imeneyo.

Ndisakunamizeni kuti chilungamo chinayenda mpaka kumapeto. A Dailes sanalandire kanthu. Kampani ija inangokhala chete, ndipo tinkamva kuti kumwera inapitirizabe kugulitsa mabokosi ake kwa kanthawi, poti loya wokalimbana nayo tikanamutenga kuti? A Namaona anawachotsa ntchito atangobwerera. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero. Koma Lolemba lotsatira alamu anga anasalanso nkhomaliro, ndipo pofika madzulo Chilimira chinkayamba ndi mawu atsopano, zilembo zisanayambe kusambira:

Moto uwu ndi wa Dailes Kamphinda wa ku Salima. Palani mwaulere. Musagulitse. Dzina musafufute.

Chilumba anachikulitsako pang'ono. Amene anali ndi makope akale anabwera nawo okha kuti awaikire atsopano.

Mvula ya chaka chotsatira itangotha, anthu ali kalikiliki ndi nkhani ya riferendamu, m'mawa wina kumalaini kunamveka odi. Ndinali pakhonde la achimwene ndikumwa tiyi. Anali a Namaona, opanda tayi, nsapato zitatha kumbali. Anakana mpando, ananjuta pansi n'kufotokoza kuti iwo ndi msuweni wawo apeza kompyuta yakale ndipo akufuna kutsegula kasukulu kophunzitsa kutaipa ku Ndirande. Kenaka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa disiketi yopanda kanthu.

Ine ndinaika kapu pansi. "Alamu, mundilole ndimuperekeze munthuyu mpaka kudepoti ndi chikuni."

A Dailes anawayang'ana a Namaona nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Wanena odi," anatero. "Alamu, kalizeni galimoto."

Ku ofesi anawaikira Chilimira, kenaka anawaimika kutsogolo kwa galasi kuti awerenge mawu oyamba aja mokweza, Pauline ndi mesenjala akumva. A Namaona anawerenga.

"Ophunzira anu azilipira nthawi yanu ndi magetsi," anatero a Dailes. "Usipa wanga asalipire."

Chakumapeto kwa chaka ndinapititsa a Chikadza ku msonkhano ku Blantyre, ndipo iwo ali m'kati ndinapita ku Ndirande kukafunafuna kasukulu kaja. Sindinapite mwaubwenzi, ndinapita kukaona ngati dzina likadalipo. Ndinakapeza kuseri kwa shopu ya telala, kachipinda kamodzi, mabenchi awiri, achinyamata akudikirana. A Namaona anali atatuluka. Pakompyuta panali mtsikana wina, ndipo atayatsa, dzina la alamu anga linatuluka lobiriwira pagalasi, lonse, losafufutidwa. Anawerenga mawuwo mokweza asanayambe, ndipo ndinamva kuti ndi lamulo la pasukulupo kwa aliyense.

"Dailes Kamphinda ameneyu ndi ndani?" ndinafunsa ngati sindikudziwa.

Mtsikanayo anandiyang'ana ngati munthu wotsalira. "Ndi mayi amene anapanga zimenezi. Ndi a ku Salima." Analoza tinyenyezi ta pakona. "Amakhala pachilumba ichi."

Nditabwerera ndinawapeza a Dailes akukoleza moto, ndipo ndinawafotokozera zonse mmene zinayendera. Anaseka mpaka kugwira khoma la khitchini. Kenaka anatembenukira kumbali n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, akuti utsi.

"Ndiye munamuuza kuti mkazi saloledwa kumeneko?" anafunsa.

"Ayi, alamu," ndinatero. "Ndinamuuza kuti nyumba yanu ndi yoyamba ukangotsika boti."